Mphindi Zisanu ndi Zinayi

Tinatsala anayi m'kalabu ya wailesi ku Paysandú,
m'kachipinda kakuseri kwa fakitale yakale ya zikopa,
anayi, tonse imvi mbuu.
Chaka ndi chaka tinkachotsa mpando umodzi,
nambala yoitanira ya mwini wake n'kuisiya pakhoma
ngati kuti tsiku lina adzayankha.

Ndinamata zikalata pageti la sekondale:
Bwerani tidzapange setilaiti.
Mvula inaziwerenga, ana ayi.
Ndinakaima m'kalasi nditamanga tayi,
kufotokoza masamu a njira za mumlengalenga,
mnyamata wina anayasamula mpaka ndinawerenga mano ake.
Ovidio anati, "Aleke.
Dziko lonse ali nalo m'thumba,
angafunenji kuthetheka kwathuku?"

Amene anabwera sanadzere ife.
Anathawa mvula ya Lachinayi, foni itazima,
ankangofuna soketi.
Zulma, wa zaka khumi ndi zisanu,
tsitsi mbali imodzi lobiriwira, nsapato zikudontha.
Anandipeza ndikulimbana ndi kawaya
kowonda ngati ndevu ya mphaka,
manja akunjenjemera, poti ukalamba suchita manyazi ndi alendo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Mukuphonyatu. Tabweretsani."
Sindinamuphunzitse kanthu. Ndinangomupatsa.
Anapsa chala, anatukwana, anachiyamwa,
n'kuyambiranso,
ndipo mtovu unakhala pamalo pake
waliwali ngati diso la nsomba.

Loweruka tinakwera padenga,
mayi ake akudikira m'galimoto pansi, injini osazimitsa.
Mlongoti wathu ndi tepi yopimira ya kalipentala,
yodulidwa patatu, yomangiridwa ku mpini wa tsache.
"Loza kum'mwera, kutsidya kwa mtsinje.
Uzikweza pang'onopang'ono.
Tili ndi mphindi zisanu ndi zinayi."
"Palibe chikuoneka."
"Sichioneka. Chimamveka."

Phokoso.
Phokoso lokhalokha, mkono wake ukulema.
Kenaka mawu a mayi wina wa ku Curitiba,
odukaduka, akufunsa ngati kuli munthu.
Zulma anatchula nambala ya kalabu, lilime likupunthwa.
Mayiyo anaibwereza yonse.
Kabokosi kokwana m'manja awiri,
kopangidwa ndi anthu ena patebulo ngati lathuli,
kananyamula mawu a mwana wokhala kumbuyo m'kalasi
n'kukawatula kudziko lina.
Pansi hutala inalira katatu.
Iye sanatsitse tsache.

Lachinayi lotsatira anabwera ndi anzake awiri:
Baltasar wa girisi m'zikhadabo, wokonza njinga zamoto,
ndi Ainara, yemwe sapereka moni
koma kompyuta imamumvera ngati galu wake.
Anasuntha matebulo osapempha.
Anaika magazini a Ovidio a zaka makumi atatu pansi pa mwendo wa benchi.
Ovidio anasowa masabata awiri,
kenaka anatulukira ndi mabatire m'thumba la buledi,
nkhope idakali yokwinya.
Tsopano tiyi wowawa uja akamazungulira m'chikho,
amachedwa kundifikanso.

Setilaiti yathu sinauluke.
Ili patebulo, mbali imodzi yopanda chivundikiro,
matumbo ali pamtunda.
Ndalama ya roketi sitikudziwa kumene ichokere.
Taigoneka mufiriji ya Ovidio pafupi ndi nyama,
taimangirira pamakina ochapira kuti igwedezeke,
kawiri konse yafa,
kawiri konse ana aidzutsa ine ndili kunyumba mtulo.
Ikulirabe: tii, tii, tii.

Mwina sindidzaimva ikudutsa pamwamba pa Paysandú.
Dokotala amayankhula mozungulira,
ine ndimadziwa kumva mawu m'kati mwa phokoso.

Dzulo Zulma anandifunsa, osadzutsa mutu pa waya wake,
kumene tinasunga mipando ija.
"Isanu," anatero.
"Ayi, isanu ndi umodzi, mng'ono wa Baltasar akubweranso."
Ndinatenga kiyi wa sitolo ndi kansanza.
Wa malemu Wenceslao unali utathyoka mwendo.
Ndaubweretsa chomwecho.
Akonza okha.